Zolemba za Ntchito Yokonzekera Chakudya cha Thanksgiving pa Famu ya Anthu a M'dera

Kumapeto kwa Ogasiti

Komiti yoyendetsa famu yandipatsa udindo wolemba momwe ntchito yokonzekera chakudya cha Thanksgiving, tchuthi cha ku America chothokoza pamene mabanja ambiri amadya nkhukundembo, ikuyendera, n'cholinga choti amene adzaigwire chaka chamawa asadzavutike kufufuzanso zimene ife tafufuza kale. Famu yathu ili kumpoto chakum'mawa kwa United States ndipo ilibe mwini mmodzi. Mabanja a m'dera amasonkha ndalama zogulira zakudya za ziweto, amasinthana masiku osesa m'makola, ndipo ana a sukulu amabwera kudzaona mbuzi, nkhosa, nkhumba, abakha, nkhuku ndi nkhukundembo. Mukawerenga masiku a Lachinayi m'mwezi wa Novembala, lachinayi lake ndilo tsiku la Thanksgiving, monga mwa lamulo limene nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa mu 1941. Ife tasankha kudyera pamodzi Loweruka lotsogolera tsikulo, chifukwa pa Lachinayi lenilenilo anthu ambiri amapita kwa achibale awo.

Pakali pano tili ndi magulu awiri a nkhukundembo, ndipo kusiyana kwa magulu amenewa ndiko kudzatipatsa ntchito yambiri. Gulu loyamba ndi la mtundu wa Bourbon Red, umene unayambira m'boma la Bourbon ku Kentucky, ndipo anapiye ake anaswedwa mu Meyi atakhala m'mazira masiku 28. Mtundu umenewu umakula pang'onopang'ono, moti umatenga masabata 26 mpaka 28 kuti ukhwime, kutanthauza kuti zathuzi zidzakhala zitakwana pakati pa Novembala. Gulu lachiwiri ndi la nkhukundembo zoyera za mtundu wa Broad Breasted White zimene banja lina linatipatsa litalephera kuzisunga. Zimenezi ndi za mtundu umene umagulitsidwa m'masitolo ambiri m'dziko muno, ndipo zinabadwira kuphedwa zili ndi masabata osapitirira 20, choncho zikakhala ndi moyo kupitirira pamenepo zimalemera kwambiri moti miyendo ndi mtima zimavutika. Timazipatsa chakudya choyeza, ndipo ana amazikonda chifukwa sizithawa munthu.

Ntchito imene yatha mwezi uno ndi yosamutsa mpanda wa Bourbon Red kupita pamalo amene nkhuku sizinakhalepo. Chifukwa chake ndi matenda a blackhead, amene kachilombo kake kamabisala m'mazira a njoka zam'mimba za nkhuku, ndipo mazirawo amatha kukhala m'nthaka zaka zingapo. Nkhuku zimapirira matendawa koma nkhukundembo zimafa nawo, ndipo kuyambira pamene mankhwala a nitarsone anachotsedwa pamsika kumapeto kwa 2015, m'dziko muno mulibe mankhwala ovomerezeka olimbana nawo. Chimene chatsala m'manja mwa mlimi n'kulekanitsa mbalamezi basi.

Pakati pa Sepitembala

Msonkhano wa mwezi uno unayenera kukambirana za mipando, matebulo ndi ndani adzabweretsa chiyani, koma nthawi yonse inathera pa funso limodzi: kodi nkhukundembo zathu zidzakhala pa tebulo, kapena zidzakhala alendo olemekezeka a tsikulo? Ndilemba mbali zonse mwatsatanetsatane chifukwa ndikukhulupirira kuti funsoli lidzabweranso chaka chilichonse.

Makolo ena, pamodzi ndi mamembala amene sadya nyama, anapempha kuti titsanzire bungwe la Farm Sanctuary, limene linayamba mu 1986 ndipo lili ndi malo osungira ziweto zopulumutsidwa ku Watkins Glen m'chigawo cha New York. Kumeneko, nyengo ya Thanksgiving ikafika, anthu amayalira nkhukundembo chakudya cha maungu, masamba ndi zipatso za cranberry, kenaka iwo amadya chakudya chopanda nyama. Amayi ena amene amaphunzitsa ana za ziweto ananena kuti n'kovuta kuuza mwana kuti athokoze chifukwa cha mbalame imene iye mwini wakhala akuimwetsa madzi chilimwe chonse, pamene mbalameyo ili m'mbale patsogolo pake. Anakumbutsanso msonkhano kuti dziko lino limadya nkhukundembo pafupifupi 46 miliyoni pa nyengo imeneyi yokha, ndipo kuti famu yaing'ono ngati yathu ikhoza kukhala malo amodzi pamene mbalamezi zimaona Disembala.

Abambo ena achikulire amene akhala akuweta mbalame kwa zaka zambiri anayankha ndi mfundo imene ambiri sankaiyembekezera. Iwo anati mitundu yakale monga Bourbon Red ndi Narragansett inatsala pang'ono kutha osati chifukwa chodyedwa, koma chifukwa chakuti anthu analeka kuidya. Makampani atatembenukira ku mtundu woyera wa chidali chachikulu, umene sungathenso kuswana pawokha popanda anthu kuuthandiza, alimi anasiya kusunga mitundu yakaleyo. Kalembera amene bungwe lotchedwa Livestock Conservancy masiku ano linachita mu 1997 anapeza nkhukundembo zoswana za mitundu yakale zokwana 1,335 zokha m'dziko lonse, ndipo chimene chinazibwezeretsa ndi anthu amene anayamba kuzifuna pa tebulo la Thanksgiving. Anawonjezera kuti zamphongo zikachuluka m'khola zimamenyana mpaka kuvulazana, ndipo famu imene imaswetsa mazira chaka chilichonse singathe kusunga zamphongo zonse.

Panabukanso maganizo achitatu, akuti tisiye mbalame zathu zonse ndi moyo koma tikagule nkhukundembo youma ndi chisanu ku sitolo, kuti aliyense adye mosangalala popanda mkangano. Ambiri anagwedeza mitu movomereza chifukwa anali atatopa. Ine ndinakana, ndipo ndilemba pano chifukwa chake. Mbalame ya m'sitolo ndi yofanana ndi zoyera zathu zimene timazimvera chisoni tsiku ndi tsiku zikamalephera kuyenda, kusiyana kwake n'kwakuti sitinaione. Kuthokoza kumene kungatheke pokhapokha ngati sitikudziwa kumene chakudya chachokera sikuyenera famu imene cholinga chake n'kuonetsa anthu kumene chakudya chimachokera. Amene akufuna kupha ndi amene sakufuna kupha onse akuyang'ana mbalameyo m'maso, pamene njira yachitatuyi ikungotithandiza kuyang'ana kumbali. Wina anaseka nati tingochita monga amachitira ku White House, kumene kuyambira mu 1989 pulezidenti amakhululukira nkhukundembo pamaso pa atolankhani, koma nthabwalayo sinapite patali popeza aliyense akudziwa kuti mwambowo suchepetsa chiwerengero cha zodyedwa. Msonkhano unatha osagwirizana, ndipo tinapatsana mwezi woti tiganize.

Kumayambiriro kwa Okutobala

Atsekwe ndi abakha akutchire ayamba kudutsa popita kum'mwera, choncho masabata ano tawathera pa kupewa chimfine cha mbalame cha H5N1. Matendawa anapezeka koyamba pa famu ya malonda m'dziko muno mu Febuluwale 2022, pa nkhukundembo za ku Indiana, ndipo mu Malichi 2024 anapezekanso mwa ana a mbuzi ku Minnesota amene ankamwa madzi pamodzi ndi mbalame zodwala. Nkhani yomalizayi ikutikhudza mwachindunji chifukwa abakha athu ndi mbuzi zathu zinkamwera pafupi. Tsopano zomwera talekanitsa, tayala ukonde pamwamba pa mpanda wa mbalame, taika beseni la mankhwala otsukira nsapato pakhomo la khola lililonse, ndipo zakudya zonse zili m'migolo yotseka. Ngati matendawa apezeka pafupi nafe, alendo sadzaloledwa kuyandikira mbalame pa tsiku la chakudya, ndipo izi tazilemba kale pa kalata yoitanira anthu.

Maungu a m'munda wa famu akololedwa ndipo aikidwa pamalo ouma kuti khungu lilimbe. Mbatata zakumbidwa. Chimanga ndi nyemba, zimene tinadzala pamodzi ndi maungu monga amachitira eni nthaka a kuno kuyambira kalekale, zachita bwino ngakhale kuti agologolo atenga gawo lawo.

Kumapeto kwa Okutobala

Komiti yagwirizana, ndipo chigamulo chake ndi ichi. Nkhukundembo zoyera sizidzaphedwa, chifukwa tinazilandira polonjeza kuzisunga. Mwa Bourbon Red, zazikazi zonse ndi zamphongo zabwino zoswetsa zidzatsala, ndipo zamphongo zotsalazo zidzaphedwa. Chakudya chopanda nyama chidzakhala ndi tebulo lake lokwanira, osati mbale imodzi ya pakona. Ziweto zidzadya anthu asanadye. Ana adzauzidwa zoona pasadakhale, m'mawu oyenera msinkhu wawo, ndipo kholo lililonse lidzasankha ngati mwana wake adzabwere kudzatsanzikana ndi mbalamezo. Palibe amene anatuluka atapeza zonse zimene ankafuna, ndipo mabanja ena anena kale kuti sadzabwera.

Nkhani yachiwiri imene inatenga nthawi ndi ya mawu amene adzanenedwe chakudya chisanayambe. M'zaka zapitazi wina ankawerenga nkhani imene ana amaphunzira kusukulu, ya Angerezi a ku Plymouth amene anadyera pamodzi ndi anthu a mtundu wa Wampanoag mu 1621. Phwandolo linachitikadi: linatenga masiku atatu, mfumu ya Awampanoag, Massasoit, inabwera ndi amuna pafupifupi 90, ndipo iwowa anapha agwape asanu nabweretsa. Koma Edward Winslow, mmodzi wa Angereziwo amene analemba za phwandolo, anangotchula mbalame osanena kuti zinali nkhukundembo, ndipo msuzi wotsekemera wa cranberry kapena chitumbuwa cha maungu panalibe chifukwa shuga ndi uvuni analibe. Chachikulu koposa n'chakuti nkhaniyo imasiya zimene zinachitika patsogolo ndi pambuyo pake. Mudzi wa Patuxet, pamene Angereziwo anamanga, unali bwinja chifukwa cha mliri umene unapulula anthu pakati pa 1616 ndi 1619, ndipo mu 1675 Metacom, mwana wa Massasoit yemweyo, anali pa nkhondo ndi ana a anthu amene bambo ake anawadyetsa. Ndicho chifukwa chake kuyambira mu 1970 eni nthaka a ku New England, dera limene muli Plymouth, amasonkhana ku Plymouth pa tsiku la Thanksgiving kudzalira, osati kudzasangalala.

Tinakumbutsananso kuti tchuthi cha dziko lonse chimene tili nacho lero sichinachokere ku Plymouth mwachindunji. Mkonzi wa magazini Sarah Josepha Hale analembera atsogoleri kwa zaka zambiri kupempha tsiku limodzi lothokoza, ndipo pulezidenti Abraham Lincoln analengeza tsikulo mu Okutobala 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, mabanja ambiri ali pa maliro. Mfundo imeneyi inathandiza komiti kuona kuti kuthokoza ndi chisoni zakhala pa tebulo limodzi kuyambira pachiyambi, ndipo kuti sitiyenera kuopa kutchula mbalame zimene zafa. Wina anapempha kuti tiwerenge mawu othokoza a eni nthaka otchedwa Haudenosaunee, mawu amene amatchula anthu, nthaka, madzi, zomera, nyama, mbalame, mphepo, dzuwa ndi mwezi motsatana. Tinaona kuti mawu amenewo ali ndi eni ake ndipo sikoyenera kuti tiwabwereke popanda iwo, koma tinaphunzirapo kuti kuthokoza kumalemera pamene chinthu chilichonse chatchulidwa pachokha. Ndapatsidwa ntchito yolemba mndandanda wathu: mlimi amene amatigulitsa udzu wouma, dokotala wa ziweto amene amabwera ngakhale usiku, ometa nkhosa, ogwira ntchito kophera nyama, ndi anthu amene m'Januwale amadzuka kusanache kudzaswa madzi oundana m'zomwera.

Sabata yoyamba ya Novembala

Chikondwerero cha Halloween, pamene anthu amakongoletsa nyumba ndi maungu, chikangotha amabweretsa maungu ambirimbiri, ndipo ntchito ya sabata ino yakhala yosankha. Opakidwa penti, othiridwa phula la makandulo ndi amene ayamba nkhungu apita ku kompositi, ndipo abwino asungidwira nkhumba, mbuzi ndi mbalame.

Popeza ziweto zidzakhala ndi phwando lawo, ndalemba chikalata chimene chidzapachikidwe pakhomo la khola lililonse, chifukwa mlendo wokoma mtima ndi amene amadwalitsa chiweto. Buledi ndi tirigu wambiri zimatupitsa mimba ya mbuzi ndi nkhosa ndipo zikhoza kupha m'maola ochepa. Chakudya chopangira mbuzi sichiyenera kufika kwa nkhosa, popeza kopa amene amaikamo amaunjikana m'chiwindi cha nkhosa. Mapeyala, chokoleti, anyezi ndi nyemba zouma zosaphika siziyenera kupita kwa mbalame. Za nkhumba pali lamulo la boma lenileni, Swine Health Protection Act la 1980, limene limaletsa kuzipatsa zotsala zokhala ndi nyama kapena zokhudzana ndi nyama pokhapokha zitawiritsidwa kwa mphindi 30 ndi munthu wokhala ndi chilolezo, ndipo zigawo zambiri zinaletseratu mchitidwewu. Choncho chilichonse chimene chakhala m'mbale ya munthu chidzapita ku kompositi kapena ku zinyalala, ndipo nkhumba zidzadya zochokera m'munda zokha. Malo osambira m'manja okhala ndi sopo adzaikidwa pakati pa makola ndi holo yodyera, pamalo amene munthu sangawalambalale, poopa majeremusi a E. coli ndi Salmonella amene ziweto zathanzi zimatha kukhala nawo.

Pakati pa Novembala

Mbalame zapita kophera. Lamulo la boma limalola mlimi kupha yekha mbalame zake zosapitirira 1,000 pa chaka popanda woyendera kukhalapo, koma chigawo chilichonse chimawonjezera malamulo ake, ndipo popeza tidzadyetsa gulu la anthu, tinasankha malo ang'onoang'ono ophera amene boma limayendera. Malo otere amadzaza msanga nyengo ino, moti tsiku limene tinapeza linali limodzi mwa omaliza. Usiku wotsogolera tsikulo tinachotsa chakudya koma tinasiya madzi, ndipo m'mawa tinazigwira kudakali mdima pamene zili phee pa mitengo yogonapo, kuti zisathamangitsidwe. Madzulo otsogolera tsikulo ana ena anali atabwera ndi makolo awo kudzatsanzikana nazo. Ena anafunsa mafunso olunjika kwambiri, monga ngati zidzamva kuwawa ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo abambo achikulire aja anawayankha mosabisa. Mwana mmodzi analira ndipo palibe amene anamuletsa.

Gulu la kukhitchini lagwirizana pa mfundo zake motsatira malangizo a unduna wa zaulimi wa USDA. Nyama yaiwisi sidzatsukidwa, chifukwa madzi othovuka amafalitsa majeremusi. Mbalame iliyonse idzayezedwa ndi chipangizo choyezera kutentha pa ntchafu, pa phiko ndi pa chidali, ndipo iyenera kufika madigiri 165 a Fahrenheit, amene ndi 74 a Celsius. Buledi wothira zokometsera amene ambiri amamuika m'mimba mwa mbalame adzaphikidwa m'mbale yakeyake. Ophika achenjezedwa kuti Bourbon Red ili ndi chidali chaching'ono ndi nyama yakuda yambiri, choncho asadalire nthawi zolembedwa m'mabuku a zophikira, zimene anazilembera mbalame za m'sitolo. Tebulo lopanda nyama lidzakhala ndi maungu ootcha odzazidwa mpunga ndi bowa, nyemba ndi chimanga za m'munda, mbatata zoponda ndi msuzi wa bowa, ndipo lidzakhala ndi zipande zake zosasakanikirana ndi za nyama.

Kumapeto kwa Novembala

Chakudya chinachitika monga tinakonzera. Chimfine cha mbalame sichinafike m'dera lathu, choncho alendo analoledwa kuima kunja kwa mpanda pamene ana ankatula mbale za maungu, masamba ndi cranberry kwa nkhukundembo zotsala. Zoyera zinapatsidwa pang'ono chifukwa cha kulemera kwawo, ndipo nkhumba zinamaliza gawo lawo anthu asanamalize kujambula. Titasamba m'manja ndi kukhala pansi, mndandanda wothokoza unawerengedwa ndi anthu osiyanasiyana, aliyense mzere wake. Pofika pa mbalame zimene zinali pa tebulo, amayi aja amene anatsutsa kuphedwa kwake anapempha okha kuti awerenge mzerewo, anauwerenga, kenaka anakatenga chakudya ku tebulo lopanda nyama. Sindikuganiza kuti anasintha maganizo awo, ndipo sindikuganiza kuti tinafunika kuti asinthe. Za Plymouth tinanena mwachidule ndi mokwanira, kuphatikizapo mliri ndi nkhondo, ndipo tinatchula kuti Lachinayi likudzalo ena adzakhala akulira.

Nyama inakwana ngakhale kuti aliyense anatenga pang'ono poyerekeza ndi zaka zimene tinkagula ku sitolo, ndipo mafupa anagawidwa kwa ofuna kuphika msuzi. Zotsala zinalowa m'firiji maola awiri asanakwane, zolembedwa kuti zidyedwe m'masiku atatu kapena anayi. Chimene sichinayende bwino ndi malo osambira m'manja, amene anachepa moti mzere unatalika ndipo chakudya chinayamba kuzizira. Mabanja amene anati sadzabwera sanabweredi, koma limodzi linatumiza chitumbuwa cha maungu.

Pa Lachinayi la Thanksgiving lenilenilo makola anasesedwa ndipo ziweto zinadya pa nthawi yake, chifukwa mamembala amene alibe achibale pafupi anadzipereka kugwira m'mawa ndi madzulo. Ndikupempha komiti kuti chaka chamawa anthu amenewa adzalembedwe msanga ndi kuikidwa pa mndandanda wothokoza, popeza chaka chino tinawerenga mndandandawo tisanadziwe kuti adzakhala ndani.

Zimene zatsala ndi izi. Tsiku lophera liyenera kusungitsidwa m'chilimwe. Malo a anapiye a chaka chamawa ayenera kusankhidwa chisanu chisanagwe, pa nthaka imene nkhuku sizinapondepo. Dokotala wa ziweto adzabwera mu Disembala kudzaona miyendo ya nkhukundembo zoyera, popeza imodzi yayamba kutsimphina. Ndipo mamembala amene sadya nyama apempha kuti pa msonkhano wa Januwale tikambirane ngati tiyenera kuswetsa mazira onse m'nyengo ya masika kapena ochepa okha, kuti zamphongo zotsala zichepe. Nkhaniyo yaikidwa poyamba pa ndondomeko ya msonkhanowo.